Nthambo Zisanu ndi Zitatu

Ku Moatize kuno usiku sukhala chete.
Sitima ya malasha imalira cha m'ma wani koloko
ndipo fumbi lake limadzagona pa buku langa
ngati nalonso likufuna satifiketi.
Ndikapukuta ndi chala tsamba limada.
Ndimawerenga choncho.

Bukuli lili m'Chingerezi.
Sukulu ndinaphunzira m'Chipwitikizi.
Koma ikafika nthawi yogawa manambala
mutu umathawira kwathu ku Ulongwe,
kumunda wa mbatata wa malume Zefaniasi:
mizere 256,
dula pakati, dulanso pakati,
mlongo aliyense atenge chigawo chake.
Mzere woyamba ndi dzina la munda,
womaliza ndi poimirira pokuwira onse,
iwiriyo sudzalapo kanthu.
Pa 64 chotsa iwiri.
Ndikudziwa bwino lomwe, chotsa iwiri,
koma katatu konse ndalemba 64
ndipo katatu konse kompyuta yandifiirira maso.

Dzulo ndinasenda chingwe cha netiweki.
M'kati muli tinthambo tisanu ndi titatu
topotana tiwiritiwiri ngati tikunong'onezana za ine.
Koyera ka lalanje, kalalanje,
koyera kobiriwira, kabuluu,
ndinaimba ngati mwana wa sukulu ya mkaka,
ndinafola, ndinalowetsa m'kamutu, ndinakanikiza, tswa!
Kanyali kachitatu sikanayake.
Kanthambo kamodzi kanalowa pakhomo pa mnzake,
mametikali khumi m'bini.

Masana ndimagwira pa fotokope ya Dona Felizarda.
Mwezi watha pulinta inasiya kuyankhulana ndi kompyuta,
anthu pamzere mpaka kumsewu, makalata ofunsira ntchito m'manja.
Ndinagwada kuseri kwa tebulo, pamodzi ndi akangaude,
ndinapeza makina awiri akulimbirana adiresi imodzi
ngati amuna awiri pa chiphaso chimodzi.
Ndinasintha nambala yomaliza basi.
Pepala linatuluka lofunda.
Dona anati, mtsikana iwe uli ndi mankhwala.
Malipiro sanasinthe.

Magetsi a ku Songo amapita kutali
pa nsanamira zazitali, osacheuka.
Kuno mita ikulira: kwatsala mayunitsi awiri.
Ndisankhe, fani kapena laputopu.
Novembala wa Tete saseka ndi munthu,
khoma likadali lotentha ngati chiwaya cha tchipisi,
koma ndazimitsa fani.
Thukuta ladontha pa funso la makumi atatu.

Ndalama ya mayeso amaitchula m'madola.
Kwa ife ndi mbuzi ziwiri za mayi
ndi nsapato zomwe sindinagule chaka chino.
Ukalephera sabweza.
Mawu amenewo ndawawerenga
kuposa mutu wina uliwonse m'bukumu.

Mayi anaimba Lachitatu.
Kodi ntchito yakeyo ndi yotani kwenikweni?
Ndinati, ndikuphunzira njira
zimene mawu anu amadutsa kuti andipeze kuno,
amaduliwa tizidutswa, kalikonse ndi adiresi yake pamphumi,
pa mphambano iliyonse pali rauta yofunsa ukupita kuti.
Anati, nanga bwanji amadukaduka?
Ndisanayankhe foni inaduka.

Loweruka ndidzakwera shapa m'bandakucha,
ndidzawoloka Revubwe, ndidzawoloka Zambezi,
chiphaso m'thumba la bulauzi.
Akuti foni amasiyitsa pakhomo,
kapepala kalikonse, ngakhale wotchi.
Ndidzalowa ndi mutu wokha,
ndi munda wa malume uli momwemo.

Pakali pano ndalemba ping, ndadina.
Mauthenga anayi anyamuka mumdima
kukagogoda pa khomo lomwe sindidzaliona.
Woyamba wabwera.
Wachiwiri wabwera.
Wachitatu zii,
kaya waima pa Zobwe kugula tomato.
Wachinayi wabwera, mochedwa, koma wabwera.

Tambala wa a neba wayamba kale zake.
Ndatsegulanso tsamba lija.
64.
Ndagwira dzanja langa ndi dzanja linzake.
Chotsa iwiri, Jenoveva.
Chotsa iwiri.