Bokosi la ku Likulu

Bokosi linafika Lachiwiri, mvula yowaza ili mkati,
mabuku makumi anayi a chikuto chonyezimira:
ndondomeko yosamala magetsi ndi nkhuni.
Ndinasainira ine, Dokiso Chavula,
poti ofesi yonseyi ndine ndekha,
ine, mpando, ndi njinga yamoto
imene inalawa mafuta komaliza mu Malichi.
Ndinaliika pamwamba pa linzake la boma lapita lija,
lomwe ntchito yake pano ndi kutchinjiriza chitseko ku mphepo.

Tsamba lachisanu likuti: yezani.
Ndiyeze ndi chiyani, akuluakulu?
Kachipangizo koyezera kanapita kokakonzedwa
mwana wanga asanamere mano.
Lero akukukuta chimanga chowotcha.

Tsamba lina likuti: anthu agule mababu osadya magetsi.
Ndinatsikira ku Zigwagwa wapansi.
Mababu ali mbwee, pa katoni alonjeza zaka zisanu,
koma ku Chiputula akupsa sabata isanathe.
Anadutsa bwanji pachipata popanda wowafunsa dzina?
Mayi wina anandikoka malaya:
"Inu aboma, ndagula atatu mwezi uno wokha.
Kupulumutsa ndalama kwake nkumeneku?"
Ndinayang'ana nsapato zanga.
Zinali ndi matope a ku Masasa, yankho zinalibe.

Ku Zolozolo kuli a Mwalwimba, mmisiri wa malata,
amamata dongo m'mbaula, makala a tsiku nkukwana masiku awiri.
Asanja khumi ndi ziwiri pakhonde, zikuchita dzimbiri.
NyaUhango wa mandasi amaziyang'ana podutsa,
masamu akuwadziwa kuposa ine,
koma fodya wako ndi amene ali pamphuno:
ndalama ya lero ndi ya ufa wa lero.
Mukanamukongoza theka, abweze pang'onopang'ono,
bukuli likanayamba kuyenda ndi miyendo yake.

M'bandakucha, nkhungu isanachoke ku Katoto,
njinga za makala zimalowa mwakachetechete ngati maliro.
A zankhalango akalanda matumba, mtengo umakwera,
Kaning'ina nkumapitirirabe kumera dazi.
Mwalanda, chabwino. Nanga aphikire chiyani madzulo ano,
magetsi atazima kuyambira mmawa?

A khonsolo ali ndi buku lawo.
A zankhalango ali ndi lawo, a msonkho lawonso.
Timakumana ku hotela kamodzi pachaka,
kulandira botolo la madzi ndi envulopu,
nkubalalika osasiyirana ngakhale nambala ya foni.
Paja nkhanga zinapangana kusanache;
ife timapangana dzuwa lili paliwombo, mapira atatha.

Ndiye ndalemba kalata, mundikhululukire kalembedwe.
Nditumizireni anthu awiri odziwa kuwerenga mita,
ndi malita khumi pamwezi.
Pachipata pakhale munthu wa diso,
wokana babu labodza ngakhale litabwera ndi kangachepe.
Bukuli lilankhule Chitumbuka, lilankhule Chichewa,
limveke pa wailesi nthawi imene anthu ali pakhomo.
Ndalama zake zilembedwe ndi inki, osati pensulo,
zisafufutike chisankho chikadutsa.
Ndipo wina abwere chaka chamawa adzandifunse:
Chavula, wapulumutsa mayunitsi angati? Tiwonetse.
Funso limenelo ndalidikira zaka zisanu ndi chimodzi.

Chotsala ndi ichi, ndachita nacho manyazi.
M'khonde la nyumba ino ya boma
muli babu lakale, lotentha ngati mbatata ya paphulusa,
loyaka usana ndi usiku chifukwa switchi inathyoka
ndipo fomu yokonzera ikudikira siginecha ku likulu.
Timadutsa pansi pake tonse, mafayilo kukhwapa,
tikupita kukaphunzitsa anthu kuzimitsa magetsi.

Lero ndakokera mpando wanga pakhondepo.
Ndakwera, mpango m'manja,
ndalipotokola mpaka lagonja.
Mlonda, a Kayange, anandigwirira mpando osafunsa kanthu.

M'lipoti la mwezi uno,
pamzere wa zimene zatheka,
ndalemba: limodzi.