Kuyang'ana Pambali

Pa Ngabu dzuwa silidikira kuti nthawi ikwane.
Malata a chipatala ayamba kale kuthetheka,
ife tatchinga mazenera ndi mabulangete
poti kamera yathu imafuna mdima
kuti ione.

Nambala 214. Zuze Alufandika.
Zaka zobadwa?
Akuti chaka chimene Shire anadya munda wa bambo awo.
Ndasiya mpatawo wopanda kanthu:
Shire amadya chaka ndi chaka.

Ndawadontheza mankhwala m'maso.
Tadikira mwanadiso atseguke
ngati khomo la nkhokwe yopanda mwini.
Chibwano apa, bambo. Musaphethire.
Ng'anii!

Pa kompyuta patuluka dziko lofiirira,
lozungulira ngati dzungu lodulidwa pakati.
Kansalu ka kuseri kwa diso.
Mitsempha yagawikana ngati Mwanza ndi Ruo
pofunafuna mayi wawo,
ndipo pakatikati, pamene pamayenera kuwala,
pali dambo louma, matope ong'aluka,
Ndindi wa mwezi wa Okutobala.

Dokotala Nsingano ayeza dambolo ndi kamuvi,
alemba kukula kwake,
ayerekeza ndi chithunzi cha chaka chatha.
Lakula. Sananene, angokanda kukhosi.

Funso lachisanu ndi chiwiri:
kodi mumavutika kuzindikira nkhope za anthu?
Ayi. Pang'ono. Kwambiri.
Chongani chimodzi.

A Zuze aseka, mano atatu.
Ati, ine ndinali wa pasikelo ya thonje, mwananga,
zaka makumi awiri ndikuwerenga kasingano
kamene kamalekanitsa mlimi ndi njala.
Lero chimene ndachiloza ndi diso ndicho chimathawa.
Ndikayang'ana Mainala, mkazi wanga,
ndimaona duku, mapewa, mbuzi kuseri kwake,
koma nkhope yafufutika
ngati wina waipaka ndi chala chonyowa.
Ndiye ndinaphunzira kuba.
Ndimayang'ana mtondo uli pambali pake,
iye n'kulowa yekha, chozemba, pangodya ya diso.
Anthu amati ndinamukwiyira
poti sindimuyang'ananso.

Cholembera changa chaima m'malere.
Ayi. Pang'ono. Kwambiri.
Fomu ilibe bokosi la mtondo.

Masana jenereta yatsokomola n'kuzima.
Tikudya chimanga chootcha pansi pa nimu,
Dokotala andijambulira pa katoni ya magolovesi
kadontho kuno, kamtanda uko.
Tseka diso limodzi, yang'ana mtanda, sendeza pang'onopang'ono.
Kadontho kaja zii.
Palibe dzenje, palibe chipsera,
katoni yokhayokha, yosalala.
Ati tonse tili nalo bowo limeneli,
pamene mtsempha umatulukira kupita ku ubongo,
koma ubongo ndi telala wa pakhonde la sitolo:
umasoka chigamba cha mtundu womwewo
n'kukuuza kuti malaya ngatsopano.

Chithunzi cha a Zuze chikwera mtambo usiku uno,
chikafika kumene sadziwa kutentha kwa Ngabu,
chikakhala kadontho pakati pa timadontho mazana
m'pepala limene eni maso sadzaliwerenga.
Mwina mdzukulu wa wina adzapulumukirapo.
Ndimakhulupirira zimenezo masiku ambiri.
Lachinayi ngati lero ndimangolongedza zingwe.

Iwo tawapatsa ya kabaza ndi botolo la madzi.
Takhuta, atero, akuyang'ana chitseko
kuti aone ine.

Madzulo ndapalasa njinga kudutsa minda ya mapira,
fumbi la ng'ombe likufiiritsa dzuwa.
Kunyumba mayi akusankha nyemba pa lichero,
kulibweretsa pafupi, kulikankhira kutali,
kupendeka mutu ngati nkhuku yoona kabawi.
Ayamba liti zimenezi?
Miyezi khumi ndi isanu ndikusuzumira m'maso mwa alendo.

Ndatsamiritsa njinga pa chipupa.
Mayi, mawa tipitire limodzi.
Ati, kukatani, ine ndikuona bwinobwino.
Akunena zimenezo akuyang'ana ndowa
imene ili pambali panga.