Mpira Wolira ku Bangula

Sabata yachitatu yophunzira ntchito.
Buku la ku koleji likuti: yamba wayeza bwalo,
chotsa minga, werenga ana.
Silinena za dzuwa la kuno
lomwe lamatula soli ya nsapato yanga,
kapena mbuzi zitatu zogona pagolo.

Mpira wa mabelu sunafike, akuti galimoto yafera pa Thabwa.
Zuze, yemwe maso ake adazima ndi chikuku,
wamanga wake: majumbo, luzi,
m'kati kachitini ka zitsekerero za mabotolo.
Wejere! Wejere!
"Alangizi, mwaumva?"

Esinala wakana kuti ndimukankhe.
Matayala a njinga yake atitimira mumchenga
womwe madzi osefukira adatisiyira.
Watsika yekha, wakwawira pagolo,
wapirikitsa mbuzi.
"Pano sipadutsa kanthu."

Kenaka andimanga chitenje kumaso.
Mdima.
Mphepo yotentha yochokera kudambo.
Ndaponya mwendo, ndamenya chulu,
phwete mpaka kumsika wa nsomba!
Kadzanja kagwira chigongono changa:
"Musathamange. Yambani mwamvetsera."

Usiku, pafomu pomwe afunsa kuti
mwaphunzitsa chiyani lero,
cholembera changoima,
chala chakuphazi chikali kuwawa.