Bwera, Siya

Ajibu atakwera basi ya ku Joni
anandisiyira zinthu zitatu:
ngongole ya njinga kwa Che Mdoka,
patapata wa phazi limodzi,
ndi galu uyu, Akanene,
wamakutu ngati masamba a mbatata ofota.

Ine ndine telala. Ndimadziwa singano,
za agalu ayi.
Koma masana makina akakhala chete,
dzuwa la Okutobala litaphika mchenga wa kwa Mponda
mpaka nkhuku kuyenda modumphira,
ndimatuluka naye kuseri, pa mlambe wa m'malire.

Mpira wake ndi wa majumbo,
ndinaumanga ndi zidutswa za chitenje
cha mayi wina amene sanabwerenso kudzatenga diresi.
Ndikauponya, fumbi koboo!
Kuupeza amaupeza.
Kubwera nawo ndiye nkhani ina.
Amaima chapatali, mpira kukamwa, mchira uli pukupuku,
maso akuti: dzatengeni ngati ndinu mwamuna.

Sabata yoyamba ndinamuthamangitsa.
Bambo wa zaka makumi asanu ndi ziwiri,
tepi yoyezera ili m'khosi,
kuzungulira khola la mbuzi kanayi.
Ana ochokera ku madrasa anaima pampanda kundiseka
mpaka wina anagwetsa kope m'fumbi.

Anandilangiza ndi Abiti Saidi wa zitumbuwa:
Mukamamuthamangira, choseweretsacho ndinu.
Thawani inuyo.
Ndinathawa.
Kumbuyo ndinamva timapazi,
kenako mpweya wotentha pa katumba.
Wabwera.

Kunatsala kusiya.
Ndikagwira mpira, iye kukoka,
ine kukoka, iye kuumitsa nsagwada, kulira chapakhosi,
majumbo kung'ambika,
tonse awiri kutsala ndi nsanza.
Ndinazindikira mochedwa
kuti dzanja lokoka limauza mano
kuti chinthucho n'chamtengo wapatali.

Tsopano ndimangogwira, dzanja lili lende
ngati nsalu yonyowa pachingwe,
m'thumba la malaya muli mitu ya usipa.
Ndimati, Siya. Kamodzi kokha.
Ndimadikira.
Ntchentche imatera pamphuno pake, n'kuulukanso.
Kenako nsagwada zimamasuka pang'onopang'ono
ngati munthu wobweza ngongole,
mpira ndi malovu ake omwe uli m'manja mwanga.
Mutu wa usipa.
Ndiye ndimauponyanso pompo,
adziwe kuti chimene wasiya
sichinapite.

Che Mdoka amadutsa popita ku mzikiti
atakwinya mkanjo kuti galu asaununkhize.
Za njinga satchula, ndi munthu waulemu.
Amangoti: Mnyamata wayimba?
Ndimati: Netiweki.
Miyezi isanu ndi iwiri ya netiweki.
Ine ndimayimba m'mawa, masana, ndi pogona,
foni n'kumalira kutali uko
m'chipinda chimene sindinachionepo.

Usiku wina magetsi atazima
ndinamupeza Akanene pakhomo la chipinda cha Ajibu,
patapata uja ali pakati pa miyendo yakutsogolo,
osamutafuna, kungomusunga.
Ndinatambasula dzanja. Ndinati, Siya.
Anandiyang'ana nthawi yaitali
nayika pansi.
Usipa ndinalibe.

Ndinaima mumdima ndi patapata wa mwana wanga,
wodyeka chakunja kwa chidendene
monga momwe amayendera kuyambira ali wamng'ono,
osadziwa koti ndimuponye.

Ndinamubwezera galuyo.

Kutacha foni ndinaisiya pa makina,
pansi pa buluku la sukulu lofuna zipi.
Sindinayimbe.
Masananso sindinayimbe,
ngakhale chala chinkayabwa ngati cholumidwa ndi linthumbu.
Ndinatenga mpira, tinapita pa mlambe.
Ndinaponya kutali kuposa masiku onse,
kupitirira khola, kupitirira munda wa chinangwa,
mpaka galu ndi mpira womwe osaonekanso.

Ndinatembenuka, nkhope kuloza kunyumba,
manja ali lende,
makutu okha ali kumbuyo.