Nkhafi Pamtunda

Anatipatsa malo kuseri kwa Bangula,
pamtunda wa miyala ndi minga.
Mnyamata wa kaundula anakhoma chikhomo
n'kulemba pachitseko ndi choko: sikisite-folo.
Akuti pano madzi safika.
Sananame.
Ngakhale a pamjigo timachita kuwanyengerera.

Ine ndinabwera ndi nkhafi yokha.
Bwato linatsogola usiku ule,
pamene Ruo anasiya njira yake
n'kulowa m'Makhanga osaodira.
Lero nkhafi ndi mpiringidzo wa chitseko.
Ana amagwetsera malambe.
Mkazi wanga Nyamazawo amafuna kuisonkhezera pamoto
nkhuni zikavuta,
ndiye timakangana ngati tikulimbirana mwana.

Kupukwa sikubwera ndi misozi, ayi.
Kumabwera mbandakucha,
mwendo ukatsika pamphasa kufuna matope ozizira
n'kuponda nsangalabwi.
Kumabwera ndikagula makakana pamsika,
atatu, owuma ngati makungwa,
ine amene ndinkapatsa agalu otere.
Wogulitsa akuti, "Awa ndi a lero, bambo."
Ndimangolipira.
Ndingamuuze chiyani mwana wa eni?

Ndani akanadziwa kuti munthu angasowe udzudzu?
Kuno usiku uli zii.
Kulibe mvuu yotsokomola m'bango,
kulibe achule okangana mpaka tambala.
Tulo timandikana chifukwa cha bata.

Kwathu njala inali ndi polekezera.
Mapira akapsa ndi dzuwa tinkalowa m'dambo,
madzi m'chiuno, diso kwa ng'ona,
kuzula nyika ndi zala zakumapazi.
Zinkawawa kukhosi, sindikana,
tinkazitukwana tikudya.
Lero pakamwa panga pachita dovu
ndi chinthu chimene ndinkatukwana.

A Zuwawo a nambala fifite-naini
anapulumutsa valimba yawo, zikwa ziwiri zitasweka.
Akaiimba madzulo pamasowa mawu awiri,
ndipo ife tonse timawadziwa malo ake.
Akafika pamenepo timangoti chete,
aliyense kuikamo zake.

Chilimwe chatha ndinapitako.
Pa Mtayamoyo ndinalipira bwato la wina,
kukhala pakati ngati thumba la chimanga,
manja ali pamaondo.
Kamnyamata kopalasa kankadula madzi molakwa.
Ndinaluma mlomo.

Kutsidya ndinapeza mchenga.
Mchenga pa sukulu, mchenga pa njanji,
mchenga pamene tinagoneka bambo.
Mgwalangwa wokha ndiwo unandizindikira.
Kuchokera patsinde pake ndinawerenga mapazi
makumi awiri ndi anayi, chakumadzulo,
n'kuima pamene panali khomo.
Ndinati, "Odi."
Musandiseke.
Mphepo inandithira mchenga m'maso,
ndiye ndinapeza chonamizira.

Pobwerera dzuwa linali litapendekera ku Mulaka.
Mwana wanga wotsiriza, Fulanzi,
wobadwira mu tenti chaka cha madzi,
anandithamangira pa mseu wafumbi:
"Ababa, mwabwera kwathu!"
Kwathu.
Anatero akuloza sikisite-folo,
miyala, minga, mbuzi ya eni pakhonde.
Mawu amodzi, m'nyumba imodzi,
koma iye ndi ine tikuloza kosiyana.

Sindinamutsutse.
Tsiku lina adzapita ku Nchalo kukadula nzimbe,
kapena kutali kumene mabasi amagona panjira,
ndipo miyala yomweyi idzamudzutsa usiku.
Adzafuna kulira kwa mjigo wopanda girizi,
fumbi la Okutobala lolowa m'mano.
Adzandimvetsa ine kulibe.

Usiku uno mitambo yaunjikana ku Thyolo.
Anzanga akuthokoza kuti tili pouma,
nanenso ndathokoza nawo, si bodza.
Koma onse atagona ndachotsa nkhafi pachitseko,
ndakhala pakhonde, ndaigoneka pamiyendo.
Chogwirira chake chidakali ndi dzenje la chala changa.
Kumusi uko Shire akudzaza,
ndikumumva m'mapewa.

Nyamazawo wayankhula ali m'kati:
"Bwezerani mpiringidzo, mphepo ikulowa."