Mtengo wa Mwendo Umodzi

Lero ndi tsiku lachisanu ndi chinayi chidutsireni namondwe,
ndipo ku Puri magetsi sanabwerebe.
Tikugona m'kalasi pasukulu ya atsikana,
mabanja khumi ndi awiri pansi pa bolodi
lomwe lidakali ndi samu ya mwana wina, yosamaliza.

Kale ndinkaphunzitsa yoga padenga la hotela,
kwa alendo a mapazi ofewa, onunkhira mafuta a dzuwa.
Hotelayo tsopano ndi chigaza chopanda maso.
Mphasa yanga ya labala inatengedwa ndi madzi,
choncho ndimayala thumba la mpunga wachithandizo,
chidindo cha boma n'kutsalira pamsana panga.

Sindinaitane munthu.
Msana ndiwo unkandiwawa, simenti siidziwa chisoni.
Ndinaima ndi mwendo umodzi mbandakucha,
zikhatho zitakumana pamwamba pa mutu,
ndipo Jhili, wa mano awiri oguluka,
anasuzumira m'bulangete la amake:
Chimenecho n'chiyani, Didi?
Ndinati, mtengo.
Anayang'ana pazenera,
kumene mitengo ya kokonati yagona chagadagada pamsewu,
mizu ili m'mwamba, akhwangwala akusowa potera.
Mitengo yonse inagwa, iwe ndiwe mtengo uti?
Ndinadzandira.
Iye anadzuka, nagwira nsonga ya chovala changa,
nakweza kaphazi kake kamatope.
Tinagwedezeka tonse awiri, osagwa.

Dibakar bwato lake analipeza m'munda wa mpunga,
litavundikira mchere pa mbewu za eni ake.
Anandifunsa atapinda manja:
Kupuma kwakoku kundibwezera bwato?
Ayi.
Nanga maukonde?
Ayi, ngakhale chingwe.
Anakhalabe pansi,
chifukwa usiku lata likangoti phwa! kuseri kwa chimbudzi
chifuwa chake chimatsekeka ngati chibakera.
Ndinamuwerengera: kokani kanayi, tulutsani kasanu ndi kamodzi.
Anatukwana pang'ono pakati pa kachitatu ndi kachinayi.
Mawa lake anabwera ndi mlamu wake.

Koma pali kagonedwe komalizira,
chagada, manja tasa, maso otseka,
ndipo dzina lake ndi mtembo.
Ndalitchula kambirimbiri padenga paja, ndikumwetulira,
nyanja ili phee kumbuyo kwanga.
M'mawa uja linandiima pakhosi ngati munga wa nsomba,
pakuti pakona panali Pramila,
amene mwamuna wake anatuluka kukamasula ng'ombe
mphepo itayamba kulira.
Ng'ombe inabwera.

Ndinati, tiyeni tingogona, tipumule,
ngati, ngati...
Litchule, anatero Pramila.
Ndikulidziwa. Ndinaphunzira pasukulu yomwe ino.
Ndinalitchula motsitsa.
Anayala nsalu yake pakati pathu, nagona,
misozi ikutsetserekera m'makutu, osaipukuta.
Mkazi wa Dibakar, amene sankalankhulana naye
chifukwa cha nkhani ya mbuzi ya zaka zitatu zapitazo,
anasendeza dzanja pasimenti, pang'onopang'ono,
mpaka chala chinakhudza chala.
Fani yakufa inatiyang'ana ili kudenga.
Ndinaiwala kuwerenga.
Mimba makumi awiri zinkakwera ndi kutsika zokha,
ndipo palibe amene anafuna mphunzitsi.

Kenaka lole yamadzi inaliza hutala pageti.
Mitembo yonse inadzambatuka,
kulimbirana zidebe, kuitana ana, kusaka nkhwaira.
Jhili anapita pamzere akudumpha ndi mwendo umodzi,
akukuwa kuti mtengo ukufuna kumwa.

Ine ndinachedwa kudzuka, msana utagwiranso.
Pramila anaima pamutu panga, maso ali psuu,
natola chidebe changa pamodzi ndi chake.
Khala, anatero. Puma kanayi kako kaja.
Ndinamuyang'ana akutsika masitepe,
chidebe uku, chidebe uku,
akulambalala waya wa magetsi wogwa pabwalo,
kumene dzulo munthu wina
anayanikapo malaya a mwana.