Zitini za a Lameki

Bambo ankabwera madzulo kuchokera ku Sunnyside
matumba a jekete atatupa,
ife n'kuthamanga poyesa ndi mabanzi.
Ayi ndithu, tinali timitengo tonyowa tokulunga m'nyuzi,
zosadzula zimene bwana anati akataye kudzala.

Ku Zingwangwa bwalo lathu linali lochepa,
kuyala mphasa ziwiri latha.
Ndiye munda unakwera pakhonde:
zitini za majarini, ndowa yobooka, ketulo yoduka mlomo,
gambutsi imodzi ya malemu a Yobe,
zonse zodzaza dothi lakuda la m'mbali mwa Naperi.

Amayi, a Nasibeko, ankangopukusa mutu.
"Duwa ndimalidziwa ine ndi chiluwe basi,
poti limalowa mumphika.
Madzi ndagula pampope, ndasenza ndekha,
inu mumwetse minga?"
Bambo osayankha. Ankadikira otsukira mbale
n'kuwasefa pakansanza,
n'kuyenda nawo chitini ndi chitini
ngati mkulu wa mpingo pa tsiku la mgonero,
osadumphako ngakhale chofota.

Ine ndi Eluby tinali mbava.
Tinkathothola maluwa ofiira a kumpanda
n'kuyamwa kadontho kotsekemera kukhosi kwake,
timasamba take n'kumata pazikhadabo ndi malovu
kuti tifanane ndi madona a ku banki.
Tsiku limene ndinathyola duwa la rozi loyamba, loyera,
limene analidikira miyezi isanu ndi iwiri,
ndinakabisala kuseri kwa bafa, msana ukuyabwa kale.

Anandipeza.
Anakhala pa njerwa, mawondo akulira,
natsegula duwalo pachikhatho chawo chong'aluka.
"Werenga," anatero.
Ndinafika makumi atatu, ndinasokonezeka.
"Zam'katizi akanaziona ndani? Palibe.
Koma Mwini wake anazipinda bwinobwino,
osathamanga, osaba nsalu ngati telala wa mu Disembala."
Mlandu unathera pomwepo.
Chikwapu chikanapola msanga.

Lamlungu ankanyamula atatu kapena anayi
m'botolo losukuluka bwino,
kukwera chitunda, Soche ali kumsana,
n'kukaika pansi pa guwa kusanabwere munthu.
Dzina lawo silinamvekepo pa zolengeza.
Ine ndili pabenchi la ana, ulaliki ukundidutsa pamutu,
ndinkayang'ana njuchi imene yalowera pawindo losweka,
yapeza botolo, yamira m'duwa mpaka miyendo.
Za Mulungu zimene ndinayamba kumva ndi zimenezo:
kuti sanalenge dziko mongotithandiza njala,
anawonjezapo basera,
chikasu pa deliya wa m'ngalande,
kadontho koyera pa chisoso chimene timapalira n'kutaya.

Anatisiya mu Juni, chiperoni chitakuta Michiru,
zitini zikudontha ngati nazonso zauzidwa.

Lero ndimakhala pa desiki ku Ginnery Corner,
manja osalala, osadziwa dothi.
Koma Okutobala akafika, jakaranda akamayoyoka
pamadenga a minibasi, pamitu ya ogulitsa nthochi,
pa wapolisi, pa wamisala, mosasankha,
ndimapezeka ndaima pakati pa njira
anthu akundigunda mapewa,
pakamwa panga pakutuluka zikomo wosakonzekera.

Loweruka lapitali ndinapita kwathu osauza munthu.
Ndinapeza amayi pakhonde, msana utapindika,
kapu m'manja, akumwetsa gambutsi ija.
Madzi oyera, ogula, osatsukira kanthu.
Atandiona anabisa kapu m'chitenje.
"Ndimangotaya," anatero, "anagwera ntchentche."
Kuseri kwawo rozi linali litatsegula awiri,
lachitatu likadali lofumbata.